Kodi a Toniya Ndi Ndani?

Tiyambire kusikelo, poti nkhani zokoma zimabadwira pamzere. Mayi wina anafika ndi mwana wa miyezi isanu amene khosi linali lisanalimbe. Dokotala anamugoneka chagada, anamugwira timanja n'kumukoka pang'onopang'ono kuti akhale tsonga, koma mutu unkatsalira m'mbuyo. Atamunyamula m'khwapa, mwana ankangofuna kupulumuka m'manja. Dokotala analemba m'kabuku ka kuchipatala n'kunena kuti: "Mayi, izi timazitcha haipotoniya. Ndi mawu awiri a Chigiriki olumikiza. Hypo ndiye kuti pansi, kapena chochepa. Tonos ndiye kukungika, monga chimachitira chingwe ukachikoka. Minofu ya mwanayu sinakungike mokwanira, ndiye tifufuze chimene chikuchititsa." Mayi uja anagwira pakamwa. "Chigiriki, adokotala? Mwanayu chibadwire ulendo wake wautali ndi wa kumsika wa Lunzu. Za ku Greece wazitengera kuti?" Anakhala chete pang'ono, kenaka maso anagwera pa kajuzi kamene mwana anavala. "Ndinadziwa ine. Ndi kaunjika uja."

Madzulo nkhani inafika kumudzi, koma inafika itaduka mchira. "Akuti chiyani kuchipatala?" "Akuti hipo... hipo chakutichakuti." Amalume a mwanayo, msodzi wa ku Liwonde amene anakulira pa Shire, anadzambatuka pampando. "Hipo ndi mvuu imeneyo! Ndani anapita ndi mwana kudooko?" Mtsikana wa Fomu 3 anawakhazika pansi. "Ayi amalume, amenewo ndi mawu ena. Dzina la mvuu lakuti hippopotamus nalonso ndi la Chigiriki, koma likuchokera ku hippos, kavalo, ndi potamos, mtsinje. Agiriki ankati mvuu ndi kavalo wa mumtsinje." Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali. "Anaona mvuu, ndi chimimba chake chonse chija, n'kunena kuti ndi kavalo?" "Eya, amalume." "Ndiye anthu a maso oterowo ndi amene akutiuza matenda a mwana?"

Azakhali ake, amene amakapikula zitenje ku Kariakoo mu Dar es Salaam, sanavutike n'komwe. "Inu musazunguzike mitu, chimenecho ndi Chiswahili. Ukafunsa katundu m'sitolo ndipo watha, amakuyankha kuti haipo. Ndiye kuti palibe. Haipo toniya: toniya palibe, watha." Mtsikana wa Fomu 3 uja anavomera monyinyirika kuti azakhali sanaphonye kwenikweni, kungoti si kutha, ndi kuchepa. Azakhali anatulutsa kope la maoda ndi cholembera. "Basi, ndikunyamuka Lachiwiri. Toniyayo amagulitsa pa kilo kapena pa yadi?"

Mnyamata wina wophunzira udokotala ku Blantyre anabwera kutchuthi n'kupeza agogo ake aamuna akukunga kaligo pakhonde. Anaona kuti mpata wodzionetsera ndi womwewu. "Agogo, chimene mukuchitacho Agiriki akale ankachitcha tonos. Ankanena za chingwe cha zeze wawo: ukachikunga mawu amakwera, ukachikhwefula amatsika. Madokotala anangobwereka mawuwo n'kuwaika pa minofu ya munthu." Agogo anaika kaligo pansi n'kuyamba kudzipapasa kuseri kwa khutu, pakhosi, mpaka kumsana. "Mukufuna chiyani, agogo?" "Chikhomo chopotokolera, mdzukulu wanga. Kaligo ali nacho. Changa anachiika pati?"

Woimba ng'oma wa m'mudzimo anati nkhaniyo ndi yaing'ono. "Ng'oma ikakhwefuka sitipita nayo kuchipatala. Timaiwamba pamoto, chikopa n'kukungika, gule n'kupitirira." Mayi wina amene ankadutsa atasenza nkhuni anaima. "Musanamize anthu, achimwene. Bambo a kunyumba kwanga akhala akuwotha moto chiyambire mwezi wa June, koma mpaka lero khasu likuwapulumukabe."

Ndipo bambo a kunyumbawo si munthu wogonja pa mkangano. Tsiku lina mlangizi wa zaumoyo ankafotokoza pansi pa mtengo wa mango kuti kukungika kwa minofu n'kosiyana ndi mphamvu. Mphamvu ndi zimene umaonetsa ukamanyamula thumba la chimanga. Kukungika kumakhalapo ngakhale utangokhala phee, chifukwa ubongo ndi mitsempha zimatumizabe uthenga kuti minofu isagone yonse, n'chifukwa chake munthu wokhala pampando sagubuduka. Bambo aja anasiya bawo n'kufunsa kawiri kuti amvetse bwinobwino. Dzuwa litapendeka, akazi awo anawapeza ali pomwepo. "Bambo a ana, tsiku lonse mwangokhala?" "Mayi, kafunseni azaumoyo. Minofu yanga yakhala ili pa ntchito kuyambira sikisi koloko m'mawa. Lero muwonjezere ndiwo."

Tidumphire kumatenite. Namwino anatuluka kukauza bambo wina wachinyamata kuti mwana wabadwa, ndipo pa mayeso a Apgar wapeza 9. Anafotokoza mothamanga kuti mayesowa anawayambitsa dokotala wa ku America, Virginia Apgar, mu 1952, ndipo amayang'ana zinthu zisanu: mtundu wa khungu, kugunda kwa mtima, kupuma, kukungika kwa minofu, ndi mmene mwana akuchitira akamukhudza. Chilichonse amachipatsa 0, 1 kapena 2. Bambo uja, amene mayeso a Fomu 4 anawalemba katatu, analumpha m'mwamba. "Mapointi 9! Ameneyu ndi wa ku yunivesite basi!" Asanamalize n'komwe kuimbira abale, namwino anatulukanso akumwetulira. "Tamuyesanso pa mphindi yachisanu, tsopano wapeza 10." Bambo anakhala pabenchi, nkhope itagwa. "Mphindi zinayi zokha wayamba kale kubwerera m'mbuyo. Watengera kuchikazi."

Mphunzitsi wa masamu atamva mawu akuti haipotoniya kwa dokotala, nkhope inawala. "Ameneyu ndimamudziwa, ndimamuphunzitsa chaka ndi chaka. Ndi mbali yaitali ya thirayango, yoyang'anizana ndi ngodya ya madigiri 90." Dokotala anaseka. "Imeneyo ndi hypotenuse, aphunzitsi. Koma simunasochere kwambiri, ndi pachibale. Onse awiri ali ndi hypo, ndipo onse awiri akuchokera ku mneni wa Chigiriki teinein, kukoka kapena kutambasula. Hypotenuse ndi mzere wotambasuka pansi pa ngodya." Mphunzitsi anatulutsa choko m'thumba la malaya. "Ndiye zaphweka. Pythagoras anamaliza kale nkhani imeneyi. Tangondipatsani utali wa mbali zina ziwirizo za wodwalayo."

Mkulu wa kwaya pa mpingo wina, katswiri wa toniki solofa amene do, re, mi amamulota ndi kutulo komwe, ankanyadira kuti toni ya nyimbo ikuchokera ku tonos, ndipo baritone ndi barys, cholemera, kuphatikiza tonos yemweyo. Lamlungu lina mlamu wake anamukokera pambali atatuluka m'tchalitchi. "Alamu, zinthu sizili bwino. Kuchipatala akuti mwana wathu ali ndi toni yotsika." Mkulu wa kwaya anakweza manja kumwamba. "Alamu, mukudandaula chiyani? Zaka zonsezi ndakhala ndikupemphera, kwaya yangodzaza masoprano okhaokha. Akangoyamba kuyenda mubwere naye. Malo a besi ndamusungira."

Pa bala ina ku Zomba, mkulu wina wopuma pa ntchito ankakonda kuphunzitsa anzake mbiri ya chakumwa chake, kaya afunsa kaya sanafunse. Ankati toniki wothira mu jini anayamba ngati mankhwala: Angerezi ku India ankamwa kwinini poopa malungo, ndipo poti kwinini ndi wowawa ankamusakaniza ndi madzi a soda ndi shuga. Dzina lakuti toniki nalo ndi mwana wa tonos, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti zakumwa zotere zimakunga thupi. Usiku wina atabwereza phunziroli mpaka ophunzira onse kuthawa, anati aimirire, miyendo n'kukana. Anyamata awiri anamunyamula mpaka pakhomo pake, ali lobodo. Mkazi wake anatsegula chitseko atagwira m'chiuno. "Mwaledzeranso?" "Ayi, amayi, iyi ndi haipotoniya yeniyeni. Jini anali wokwanira. Toniki ndiye anachepa."

Mu ofesi ina mu Lilongwe, mesenjala anamva sekilitale akuwerenga pa foni kuti haipotoniya ndi kuchepa kwa toni. Iye toni sankamudziwa, koma tona wa pulinta ankamudziwa bwino. Itakwana 2 koloko masana, nsima inali itawagwira abwana: mutu uli patebulo, manja ali lende. Mesenjala anasuzumira n'kubwerera msangamsanga. "Asisi, abwana tona wawathera." "Ndiye titani?" "Monga mwa nthawi zonse. Tiwatulutse, tiwakhutchumule pang'ono, tiwabwezeremo. Mapepala awiri atatu asainabe."

Bambo wina anapita kuchipatala kukadandaula kuti nthawi zina amadzidzimuka usiku, maso ali otsegula, koma dzanja ndi mwendo osatheka kusuntha. Kumudzi anali atamuuza kale kuti ndi afiti akumukhalira pachifuwa. Dokotala anati ayi. Munthu akafika pa tulo ta maloto, ubongo umakhwefula minofu pafupifupi yonse kuti asadzuke n'kumachita zimene akulotazo. Zimenezi amazitcha atoniya, ndipo a woyambayo pa Chigiriki ndiye kuti palibiretu. Nthawi zina munthu amadzuka atoniya asanachoke, koma pakapita kamphindi zimatha zokha. Bambo anafika kunyumba mtima uli m'malo. "Mayi, si afiti. Adokotala akuti ndi atoniya. Akuti amabwera usiku uliwonse ndikamalota, amandigwira thupi lonse, kungoti masiku ena amachedwa kuchoka." Mkazi anaika mthiko pansi pang'onopang'ono. "A Toniya ake ati? A kuchigayo aja?"

Mlonda wa pa golosale ina anaimva nkhaniyi n'kuisunga. Usiku umene akuba ananyamula mabelo a shuga iye ali pomwepo, m'mawa anali ndi yankho lokonzeratu. "Bwana, ndinawaona onse ndi maso angawa, koma atoniya anandigwira, sindikanatha kusuntha." Mwini golosale, amene mwana wake ndi namwino, anati: "Atoniya amagwira munthu amene ali m'tulo." Mlonda anakanda m'mutu. "Pepani bwana, ndasokoneza. Anali afiti."

Abusa ena amene anaphunzirako Chigiriki ku sukulu ya ubusa, poti Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'chinenerocho, anapita kukazonda banja lina. Atawaonetsa kabuku ka kuchipatala, anavala magalasi n'kuwerenga mofatsa. "Hypo ameneyu ndikumudziwa. Ali m'mawu akuti hypokrites, amene poyamba ankatanthauza wochita zisudzo, ife timati wonyenga. Ndi mawu amene Ambuye ankadzudzula nawo Afarisi." Agogo aakazi a mwanayo anadzuka pamphasa n'kumanga chitenje bwinobwino. "Abusa, mwanayu ali ndi miyezi itatu. Chakhumi sanayambe n'kupereka komwe. Ufarisi wauyamba liti?"

Hypo ali ndi mnzake wotsutsana naye, hyper, pamwamba kapena mopitirira. Namwino wina ankaphunzitsa zimenezi amayi a banki m'khonde atamaliza kuponya masheya. Anati BP ikakwera ndi hypertension, ikatsika ndi hypotension. Minofu ikakungika mopitirira, monga zimachitikira anthu ena amene anadwala sitiroko, ndi haipatoniya, ikakhwefuka ndi haipotoniya. Ngakhale kafumbata, amene amaumitsa nsagwada, dzina lake lakuti tetanus likuchokera ku muzu womwewo wa kukoka. Msungichuma wa gulu anali akulemba zonse m'kaundula. "Anesi, ndamva. Ena ali nazo zambiri, ena zikuwachepera. Vuto ndi loti sanapange gulu. Abwerekane, za chiwongoladzanja tikambirana."

Mayi wina amene anafika mochedwa anangotola mawu amodzi okha, haipatoniya, ndipo anawomba m'manja. "Waipa Toniya? Mwazindikira lero? Ine ndakhala ndikunena kuyambira tsiku limene anabwereka ndalama za gulu!"

Kumsonkhano womwewo kunali mayi wa mnyamata wa Fomu 3 amene sayansi yamulowa m'mutu. Sabata imeneyo anali ataphunzira kuti madzi a mchere wochepa kuposa wa m'kati mwa selo amatchedwa haipotoniki, ndipo selo ukaliika m'madzi otero limamwa mpaka kufufuma. Madzulo analawa nyemba n'kugwedeza mutu. "Amayi, msuzi uwu ndi haipotoniki." Mayi anamwetulira, namuwonjezera chipande china, poganiza kuti mwana wayamikira. Mlongo wake ndiye anaulula kuti akutanthauza madzi ambiri, mchere wochepa. Mayi anabweza mbale ija mwakachetechete. "Mchere wakwera mtengo, mwanangu. Iwe mawa udzadya Chigiriki."

Ophunzira unamwino ali ndi zizindikiro zimene amaloweza. Khanda lathanzi likagona chagada limapinda manja ndi miyendo, koma la haipotoniya limangoitaya, mawondo atagwera kunja, ndipo mabuku amati lagona ngati chule. Wophunzira wina, pofuna kusangalatsa sisitala wamkulu, ananena mokweza pa bedi la mwana: "Miyendo ya chule, sisitala!" Agogo onse awiri anali pomwepo, wakuchimuna ndi wakuchikazi, aliyense ndi fulasiki yake ya phala. Wakuchikazi sanachedwe. "Kwathu ndi kumtunda, anamwino, madzi timachita kugula. Funsani asewere angawa, amene anamanga m'dambo."

Ana obadwa masiku asanakwane nawonso amakhala olobodoka, ndipo amazizidwa msanga, zimene madokotala amati hypothermia: hypo yemwe uja ndi therme, kutentha. Bambo wina anauzidwa kuti mwana wake aikidwa pa kangaru. Thukuta linatuluka. "Anesi, kangaru ndikamupeza kuti? Ndalama ya ku Australia ndilibe." Namwino anati kangaru ndi mayi ake omwe, kapena iyeyo bambo: kumuika mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu, n'kumanga ndi chitenje. Anawonjezera kuti njirayi inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, pamene makina ofunditsira ana ankachepa. "Ku Colombia kuli akangaru?" "Kulibe." Bambo anapukusa mutu uku akumasula mabatani a malaya. "Dzulo munati chule, lero kangaru wa dziko lopanda akangaru. Mundiuziretu, mawa ndibwere ngati nyama yanji?"

Pa mayeso a ophunzira udokotala panali funso loti atchule chimodzi mwa zimene zimachititsa haipotoniya mwa makanda. Mnyamata wina analemba molondola kuti Down syndrome, koma anathirapo nzeru zake: akuti dzinali linabwera chifukwa down pa Chingerezi ndi pansi, chimodzimodzi hypo. Mphunzitsi anamuitana. "Down ndi dzina la munthu. John Langdon Down, dokotala wa ku England amene anafotokoza za ana amenewa mu 1866." Mnyamata sanagonje. "Ndiye mundipatseko theka, adokotala. Akanabadwira ku Athens bwenzi ali Dokotala Hypo."

Banja lina linakhala pansi ndi dokotala kuti liuzidwe za mwana wawo wa Down syndrome. Dokotala anajambula timizere papepala: anthu ambiri ali ndi makromozomu 46, awiriawiri, koma mwanayu ali ndi 47, chifukwa pa nambala 21 pali atatu m'malo mwa awiri. Anati adzachedwerako kukhala, kukwawa ndi kuyenda, koma mafizo amathandiza kwambiri. Onse anangoti zii. Agogo aakazi, amene akalambira pa benchi la tomato kumsika, anawerenga timizere tija ndi chala, kenaka anatenga mwana n'kumukhazika pamiyendo. "Ndiye mwatiitanira zimenezi? Kumsika ukapatsidwa zoposa zimene walipira sumadandaula. Ameneyu Mulungu watiikira banyira."

M'kalasi lina mphunzitsi anatchula matenda a Prader-Willi, amene nawo amayamba ndi khanda lolobodoka, lovutika kuyamwa. Anati anawafotokoza koyamba ndi madokotala atatu a ku Zurich, m'dziko la Switzerland, mu 1956: Andrea Prader, Alexis Labhart ndi Heinrich Willi. Mtsikana wina anakweza dzanja. "Atatu? Nanga bwanji dzinali lili ndi awiri okha?" Mphunzitsi anati wapakatiyo anthu anangozolowera kumusiya. Mtsikana anausa moyo. "Ndikumumvetsa, aphunzitsi. Inenso kwathu ndine wapakati."

Mlangizi wa zaumoyo anachenjeza amayi kusikelo kuti mwana asanakwanitse chaka asamapatsidwe uchi, chifukwa nthawi zina mumakhala tizilombo timene poizoni wake amachititsa khanda kulobodoka mpaka kulephera kuyamwa. Matendawa ndi botulism, ndipo dzinali likuchokera ku botulus, soseji pa Chilatini, poti madokotala a ku Germany anayamba kuwaona mwa anthu amene anadya masoseji owonongeka. Mkulu wina woweta njuchi, amene anangoperekeza mdzukulu, anapsa mtima. "Bambo mlangizi, ming'oma yanga ili m'phiri ndipo ndimaiyendera ndekha. Njuchi zanga zimadya maluwa. Soseji ngakhale ine mwini wakene ndimaiona pa Khirisimasi pokha."

Pofuna kuziziritsa nkhani, mlangizi anati poizoni yemweyo, akamuchepetsa kwambiri, ndiye Botox, amene anthu andalama ku London amabayitsa pachipumi kuti minofu ikhwefuke, makwinya achoke. Gogo wina wamkazi anatchera khutu. "Amalipira kuti minofu ikhwefuke?" "Ndalama zambiri, agogo." "Auzeni abwere adzandipalirire chimanga maekala awiri opanda kadzutsa. Akhwefuka thupi lonse, ulere."

Mu February 2022 boma linalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wa poliyo, ndipo akatswiri anati kachilomboko n'kofanana ndi ka ku Pakistan. Azaumoyo anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kudontheza katemera ndi kufunsa ngati pali mwana wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena dzanja lalobodoka mwadzidzidzi. Pakhomo lina anapeza kamnyamata kakukoka mwendo, ndipo anapempha chimbudzi chake, lero ndi mawa, m'timabotolo tiwiri. Agogo ake anafunsa kumene akupita nacho. "Kukapimitsa, agogo. Zoterezi zimafika mpaka ku Johannesburg." Agogo anakhala pansi. "Ine zaka 70, Johannesburg ndimangomumva kwa anyamata. Koma chimbudzi cha mdzukulu wanga chanyamuka, chopanda ndi pasipoti yomwe."

Dokotala wina galimoto yake inayamba kulira kuinjini, ndipo anapita nayo kwa makaniko amene mwana wake anamuthandizapo kusikelo. Makaniko anatsegula boneti, anakanikiza fanibeluti ndi chala, n'kugwedeza mutu mwachisoni. "Adokotala, iyi ndi haipotoniya." Dokotala anaseka mpaka misozi, kenaka anafunsa mtengo. "K20,000." "Aa! Mwezi watha mnzanga munamukungira lamba yemweyu pa K5,000." "Ameneyo lamba wake anangokhwefuka, adokotala. Wanuyu ndi wa Chigiriki."

Wa mafizo anaonetsa bambo wina zoti azichita ndi mwana kunyumba: kumugoneka chafufumimba ali maso kuti azidzutsa mutu, kumukhazika pamiyendo atamugwira m'chiuno, kumuonetsa chidole kuti atambasule dzanja. Bambo anadikira kuti mwina pali zina. "Basi? Jakisoni palibe?" "Palibe, bambo. Haipotoniya ndi chizindikiro chabe. Dokotala amalimbana ndi chimene chayambitsa, ife timalimbitsa thupi." Bambo sanakhutire, poti anali atamva pena pake kuti singano ya jakisoni imatchedwa hypodermic, hypo ndi derma, pansi pa khungu. "Onsewa ndi ana a hypo, mbumba imodzi. Mubayeni kuti akakumane m'katimo, akakambirane pachibale."

Patatha milungu iwiri mayi wa mwanayo anabwera yekha, ndipo wa mafizo anafunsa ngati zolimbitsa thupi zikuyenda. "Zikuyenda, achimwene. Mwana wayamba kudzutsa mutu." "Nanga bambo ake akuthandiza?" "Kwambiri. Tsiku lililonse amagona chafufumimba pamphasa kuti amuonetse mwana kachitidwe kake. Kungoti iwowo mutu amadzutsa nsima ikapsa."

Kusikelo kwina mlembi anafunsa dzina la mwana wamkazi wa milungu isanu ndi umodzi, wonenepa bwino, wokankha miyendo mpaka kugwetsa thewera. Bambo ake anayankha monyadira: "Haipotoniya." Anati analiona m'kabuku ka kuchipatala ka mwana wa aneba, ndipo linawakomera m'khutu. Namwino anawatengera pambali n'kuwauza tanthauzo lake. Bambo sanatekeseke. "N'chifukwa chake ndalisankha, anesi. Mkulu wake ndi Fansidar, ndipo chibadwire malungo sanamukhudzepo."

Inu amene mwawerenga mpaka pano mutakhala tsonga, khosi lili njo, tonos wanu ali bwino, kapitirizeni ntchito. Koma ngati nyuzipepala yapulumuka m'manja ndipo chibwano chafika pachifuwa, musavutitse adokotala. Imeneyo ndi nsima ya masana.